Kodi Mwini Kantemba Apumula Liti?

Pamene ambiri a ife tikali m'bulangete, pa msika wa Soweto mu Lusaka pamakhala pataca kale. Malole a matimati, kabici, anyezi ndi mbatata amafika usiku, ndipo pokwana 4 koloko m'mamawa azimai ocokera ku Kanyama, Chawama, Matero ndi Mtendere amakhala ataimirira pambali pa mabokosi, kukambirana mitengo ndi alimi pamodzi ndi anyamata apakati. Wofika mocedwa apeza zofota zokhazokha. Atatha kuoda, mai afuna mnyamata wa wilibala, akwera minibasi, ayala malonda pa thebulo lake, ndipo sacokapo kufikira mdima utagwa. Pa Kapata ku Chipata, pa misika ya ku Katete ndi ku Petauke, moyo ndi womwewo. Onjezanipo wa kagolosale ka m'komboni, telala, wometa tsitsi, wowocherera zitsulo wa ku Kalingalinga ndi uja wa salaula. Anthu amenewa ndiwo adyetsa mabanja oculuka m'dziko muno, ndipo ndiwo alipirira ana athu sukulu.

Acikulire akumbukira bwino m'mene zinayambira kukula. Pambuyo pa cisankho ca mu 1991, Boma linayamba kugulitsa makampani ake, ndipo lamulo loyendetsa nchitoyo linakhazikitsidwa mu 1992. Anthu zikwizikwi anauzidwa kuti nchito yatha. Tindalama timene anapatsidwa potsanzikana tinasanduka mpamba, ndipo tuntemba tinamera m'mbali mwa miseu ngati bowa wa m'Januwale. Ana amene anakulira pa tuntemba timeneto ndiwo eni mabizinesi a lero. Kwa makolo ao anaphunzira kuwerenga cenji, kukopa makasitomala ndi kupirira. Cimene sanaphunzire ndi kutseka citseko.

Taonani cinthu ici, owerenga okondedwa. Munthu wolembedwa nchito ali ndi lamulo lomuteteza. Lamulo la mu 2019, lochedwa Employment Code Act, linena kuti tsiku la nchito ndi maola 8, kuti wopitirira maola 48 pa mlungu alipidwe mwapadera, kuti pa masiku 7 alionse apumule maola 24 otsatizana, ndi kuti mwezi uliwonse umuunjikire masiku 2 a chuthi. Muyeso wa maola 48 si wa dzulo ai: maiko anagwirizana za iwo mu 1919, ndipo kale mu 1891 Papa Leo XIII anali atacenjeza, m'kalata yake Rerum Novarum, za kugwiritsa munthu nchito mopyola mphamvu zake.

Tsono tiwerengereni mai wa pa msika uja. Acoka pa nyumba 4 koloko, abwerera 19 koloko. Amenewo ndi maola 15. Kucokera Lolemba kufikira Ciweru akwana maola 90. Lamulungu akacoka ku Misa ayalanso malonda masana, maola ena 5. Onse pamodzi ndi 95, pafupifupi kuwirikiza kawiri muyeso wa lamulo, ndipo apa sitinawerengere kuphika, kucapa ndi kusamala wodwala wa pa nyumba. Bwana wina akanagwiritsa nchito mwana wathu motere, tikanathamangira ku ofesi ya za nchito kukamneneza. Koma pano bwana ndi wanchito akhala m'thupi limodzi, motero palibe kokasuma.

Thupi lokha ndilo lisunga buku la nkhongole imeneyi, ndipo siliiwala. Mu 2021 bungwe la zaumoyo la dziko lonse, WHO, pamodzi ndi bungwe la za nchito, ILO, anafalitsa zimene anapeza: m'caka ca 2016 cokha anthu okwana 745,000 pa dziko lapansi anafa ndi sitiroko ndi matenda a mtima kaamba kogwira nchito maola 55 kapena kuposa pa mlungu. Poyerekeza ndi wogwira maola 35 kufika 40, munthu wotere ngozi yake yogwidwa ndi sitiroko ikwera ndi 35 peresenti, ndipo yofa ndi matenda a mtima ikwera ndi 17 peresenti. Kwathu kuno, munthu akagwa pa thebulo la malonda mbali imodzi itafa, palibe afunsa kuti anali kugona maola angati. Tifulumira kuloza cala kwa woyandikana naye, kuti wamlodza cifukwa ca nsanje ya makasitomala.

Kulema kosatha ndi tulo

Kulema kuli pawiri. Kulipo kwa mlimi amene wacoka kumunda: asamba, adya nsima, agona, m'mawa auka ali munthu. Kumeneko ndi kwabwino, ndipo kupatsa tulo tokoma. Kwina ndi kuja kumene munthu auka nako, ayenda nako, agona nako, miyezi ndi miyezi. M'Cingelezi akucha burnout, mau amene anachuka mu 1974 pamene katswiri wa za maganizo, Herbert Freudenberger, analemba za anthu odzipereka pa kacipatala kena ka ulere ku New York, amene anayamba nchito ndi mtima wonse koma patapita nthawi anatheratu. Ife tingayerekeze ndi mbaula imene makala ake anyeka onse: uikapo mphika, uyembekezera, koma pansi ndi phulusa lokhalokha.

Mu 2019 a WHO analemba bvutoli m'buku lao lalikulu la maina a matenda. Sanaliche nthenda, koma bvuto lobadwa ndi nkhawa ya pa nchito imene yakhalitsa popanda kuithetsa, ndipo anachula zizindikilo zitatu. Coyamba ndi kutha mphamvu. Caciwiri ndi cakuti mtima ucoka pa nchito, munthu nayamba kuida cimene anali kucikonda. Cacitatu ndi kucepa kwa luso.

Pa msika zizindikilo zimenezi zioneka bwino kwa amene ali ndi maso. Mai amene kale anali kuitana wodutsa aliyense ndi cimwemwe, kumuonjezerako ka mbasela, lero ayangana kumbali ndipo ayankha ngati wafunsidwa mlandu. Kasitomala akafunsa mtengo kawiri, mkangano wabuka. Telala amene anali kunyadira msoko wake adula citenje ca mwini molakwika, ndiye alipira. Wa kagolosale abweza cenji ca K100 kwa munthu amene anapereka K50. Wotumiza ndalama pa foni aphonya nambala imodzi, ndalama n'kupita kwa mlendo. Kunyumba ana akamva phazi la atate abalalika. Anzao anena kuti wayamba kunyada, kapena wayamba ulesi, pamene munthuyo wangotha cabe. Ndipo onani cinthu comvetsa cisoni: maola oonjezera aja, amene anawagwira kuti phindu likule, ndiwo abala zolakwa zimene zidya phindulo.

Cimene cimanga munthu pa thebulo

Mukamfunsa wamalonda cifukwa cake sapumula, yankho ndi limodzi: ndikatseka, kasitomala wanga apita kwa mnzanga. Mantha amenewa sitingawaseke, pakuti pa mzere umodzi pali anthu khumi ogulitsa matimati amodzimodzi, ndipo wogula sayembekezera. Komabe pali funso limene liyenera kufunsidwa. Maliro akagwa pa cibale, kantemba katsekedwa masiku atatu, nthawi zina mlungu wathunthu ngati ulendo ndi wa kumudzi. Pobwerera, makasitomala aja abweranso, ena ndi mau acipepeso. Ngati bizinesi ipirira masiku otsekera maliro a wina, ilephera bwanji kupirira tsiku limodzi lotsekera moyo wa mwini wake?

Njira yothetsera mkangano umenewu ndi kabuku ka sukulu ndi pensulo. Kwa milungu 4, lembani zimene mwagulitsa, osati pa tsiku cabe, koma pa nthawi: m'mawa, masana, madzulo, usiku. Lembaninso tsiku la mlungu. Pakutha mwezi kabukuko kadzakuuzani cimene mtima wamantha sungakuuzeni, ndico kuti ndi maola ati amene abweretsa ndalama, ndi ati amene mumangokhala kuingitsa nchenche. Wina adzapeza kuti ola lomaliza la usiku agulitsa kandulo mmodzi ndi macisi, phindu losakwana ngakhale K5, pamene ola lomwelo ndilo limuika pa ngozi ya akuba panjira. Wina adzapeza kuti Lolemba m'mawa ndi cabe. Amenewo ndiwo maola oyamba kudula. Mukasankha nthawi yotsekera, ilembeni pa citseko ndipo muisunge, pakuti makasitomala aphunzira msanga. Amene amagogoda pa zenera 22 koloko kufuna mcere acita conco cifukwa munamtsegulirapo kale.

Za Lamulungu sindidzataya mau ambiri, pakuti tonse tidziwa cimene tinaphunzira. Ndingonena kuti ambiri a ife tasandutsa tsikuli kukhala la maola awiri: Misa yoyamba, kenaka kubvula citenje ca bungwe ndi kuthamangira ku msika. Amene malonda ao sangatsekedwe pa Lamulungu, monga ogulitsa zakudya pa siteshoni ya mabasi, asankhe tsiku lina la mkati mwa mlungu, koma likhale tsiku lathunthu, losadulidwa ndi ulendo wokaoda.

Ulendo wokaodawo ndiwo ukutha anthu ambiri. Kodi n'cifukwa ciani azimai atatu oyandikana mathebulo, ogulitsa zinthu zofanana, onse atatu auka 3 koloko tsiku ndi tsiku, onse alipira minibasi, onse alipira wilibala? Atasinthana, aliyense akanauka usiku kawiri cabe pa mlungu, ndipo pogula mabokosi ambiri pamodzi akanatha kutsitsa mtengo. Cimodzimodzi aja opita ku Nakonde, ulendo wa makilomita pafupifupi 1,000 kucokera ku Lusaka, amene atsika basi miyendo itatupa n'kupita molunjika kukatsegula shopu. Akulu anati mutu umodzi susenza denga. Cobvuta ndi kukhulupirirana pa ndalama, ndipo mankhwala ake ndi kulemba: wapereka zingati, zagula ciani, zatsala zingati, onse aone ndi maso.

Ndalama zosagonetsa tulo

Kunena zoona, si nchito ya manja yokha imene ilemetsa wamalonda. Cimene cimdzutsa pakati pa usiku ndi masamu. Ambiri sadziwa ngati bizinesi yao ipindula kapena ai, cifukwa ndalama za mpamba, za ndiwo, za lendi ndi za copereka zonse zikhala m'cikwama cimodzi ca m'ciuno. M'mawa mwana afuna ya kope, mai atapa. Masana kwabwera uthenga wa matenda, atapa. Pofika tsiku lokaoda, ndalama zapelewera, ndipo munthu sadziwa kumene zapita. Agwira nchito ngati wotunga madzi ndi dengu.

Mwini bizinesi adzilembe nchito iye mwini. Adziikire malipiro, kaya ndi K50 pa tsiku kaya ndi K400 pa mlungu, monga kabuku kaonetsera kuti bizinesi ingakwanitse, ndipo za pa nyumba zicokere pa malipiro amenewo basi. Zotsala ndi za mpamba, zisungidwe pena. Izi zithandizanso pa nkhani yobvuta koposa, ya acibale. Mwambo wathu sulola kumana mbale wako, ndipo ndi mwambo wabwino. Koma mbale akaona mashelefu odzaza aganiza kuti zonsezo ndi cuma cako, osadziwa kuti theka ndi la mwenye wa ku Kamwala amene ayembekezera ndalama zake pa Cisanu. Wodziikira malipiro ali ndi yankho laulemu ndi loona: "Pepani amalume, izi za pa shelefu si zanga, ndi za mpamba. Zanga ndilandira pa Ciweru, ndipo pa zimenezo ndidzakupatsani comwe ndingathe." Amalume angakwiye tsiku loyamba. Adzakwiya koposa tsiku limene shopu idzatsekedwa osatsegulidwanso.

Za kaloba ndinene mosabisa. Wokongola K1,000 kuti abweze K1,500 pakutha mwezi ayenera kupeza K500 ya phindu asanadye ngakhale ngwee imodzi. Ngati malonda ake apindula K30 pa tsiku, masiku 17 a mwezi umenewo agwirira nchito mwini kaloba. Akalephera, nkhongole ibala ina, ndipo posacedwa firiji kapena makina osokera anyamulidwa. Cilimba ndi magulu osunga ndi kukongozana ndalama, monga a SILC amene afala m'maparishi ambiri, athandiza anthu oculuka kuthawa msampha umenewu. Koma naonso asanduka goli kwa amene alowa magulu atatu kapena anai nthawi imodzi, nakongola uku kuti abweze uko. Ici cakoma ici cakoma, pusi anagwa cagada. Gulu limodzi, la anthu odziwana, ndi copereka cimene munthu angakwanitse ngakhale pa mwezi woipa, ndi lokwanira.

Pali zina zimene wamalonda sangazilamulire. Pamene kolera inabuka mu Lusaka kumapeto kwa 2017 ndi kuciyambi kwa 2018, misika ina inatsekedwa ndipo ogulitsa m'miseu anacotsedwa. Mu 2024 cilala cinacepetsa madzi pa Kariba, kotero kuti m'madera ambiri magetsi anali kubwera maola atatu cabe pa tsiku, kawirikawiri pakati pa usiku. Owocherera zitsulo, ometa ndi osoka anali kugona khutu lili ku firiji, kuti ikangolira auke ndi kuyamba nchito. Pa nyengo yotere munthu acita zimene angathe. Cofunika ndi cakuti nyengoyo ikapita, cizolowezi cogwira nchito usiku ndi usana cipite nayo. Foni nayo yacititsa kuti shopu isatsekedwe: maoda a pa WhatsApp afika munthu ali pa mphasa. Uthenga wa 23 koloko ungayankhidwe 6 koloko, ndipo wogula weniweni sathawa kaamba ka zimenezo.

Thupi ndilo mpamba woyamba

Zina ndi zazing'ono, koma ndizo ziononga pang'onopang'ono. Azimai ambiri a pa msika samwa madzi tsiku lonse, cifukwa cimbudzi n'colipira, cili kutali, ndipo palibe wosiyira thebulo. Zotsatira zake ndi mutu wosatha ndi matenda a m'cikhodzodzo. Cakudya ca masana ndi citumbuwa ndi cakumwa cotsekemera. Tulo tikabwera, anyamata agula zakumwa zopatsa mphamvu, zimene zibwereketsa mphamvu ya mawa monga kaloba abwereketsa ndalama. Msana ukawawa, munthu ameza Brufen kapena diclofenac m'mimba mopanda kanthu, tsiku ndi tsiku, osadziwa kuti mankhwala amenewa akamwedwa motere abala zilonda za m'mimba ndipo aononga impso. Ena athawira ku mowa kuti agone, koma tulo ta mowa sitipumitsa thupi.

Munthu wamkulu afunika tulo ta maola 7 kapena kuposerapo. Wouka 4 koloko ayenera kukhala atagona pofika 21 koloko, ndipo izi sizingatheke ngati mai yemweyo ndiye ayenera kuphika, kutsuka mbale ndi kusita mayunifomu akafika kunyumba. Apa ndikamba ndi inu azibambo, ndi inu anyamata ndi atsikana osinkhuka. Ndalama za pa thebulo mudya nonse. Si camanyazi kuti amai akafika apeze moto wayaka ndi madzi osamba ali pa mbaula. Koma kuthandiza kwa ana kukhale ndi malire. Kucotsa mwana wa giredi 7 m'kalasi kuti alonde kantemba ndi kugula mpumulo wa lero ndi tsogolo la mwanayo.

Kuthamanga kwa magazi sikupweteka, n'cifukwa cake kupha mwakacetecete. Kupimitsa BP ku kiliniki sikutenga mphindi zambiri. Ngati muyeso ufika 140/90 kapena kuposa mobwerezabwereza, nkhaniyo ndi ya adokotala, ndipo mankhwala ao samasiyidwa cifukwa munthu wayamba kumva bwino. Ogwira nchito zaozao angathenso kulembetsa ku NHIMA kaamba ka cithandizo ca kucipatala, ndi ku NAPSA kaamba ka ukalamba. Ndi ocepa a pa msika amene amafunsa za zimenezi asanadwale.

Pali malire ena ofunika kuwadziwa. Kulema kwa nchito kumacepa munthu akapumula ndi kusintha kagwiridwe kake. Koma ngati kwa milungu iwiri kapena kuposa munthu sakondwa ndi cinthu ciliconse, sadya, sagona ngakhale apeze mpata, alira yekha, kapena ayamba kunena kuti kuli bwino atangofa kuti nkhongole zithe, pamenepo si za kupumula cabe ai. Ameneyo aperekezedwe ku cipatala tsiku lomwelo, ndipo asasiyidwe yekha. Ambiri aopa cifukwa dzina la Chainama lamveka ngati citonzo pakati pathu, koma matenda a maganizo ndi matenda monga ena onse, acizika, ndipo poyambira ndi pa kiliniki yapafupi.

Catsala ndi ca wothandiza. Pafupifupi wamalonda aliyense ali ndi nkhani ya mphwake kapena mlamu wake amene anamsiyira shopu napeza mashelefu apepuka, ndipo kucokera tsikulo analumbira kuti kiyi sidzacokanso m'thumba mwake. Koma kawirikawiri wothandizayo anasiyidwa popanda malipiro odziwika ndi popanda kuwerengerana katundu, ndiye anadzilipira yekha. Yambani pang'ono. Msiyireni theka la tsiku, pa tsiku lija limene kabuku kaonetsa kuti malonda ndi ocepa. Musanacoke, werengani pamodzi zinthu zimene ziyenda msanga, monga shuga, mafuta ophikira, sopo ndi mazira, mulembe ciwerengero ndi cenji cimene mwasiya, nonse awiri musaine. Muuzeni kuti nkhongole saloledwa kupereka kwa wina aliyense, ngakhale kwa amai ake omubala. Pobwerera werenganinso, ndipo mumlipire zimene munapangana tsiku lomwelo, ngakhale ali mwana wa mlongo wanu. Masamu akagwirizana milungu inai yotsatizana, muonjezere kukhala tsiku lathunthu.